A kochi, tasiyani kusankha atsikana a basketball ndi maso

Ndiyambe ndi kuvomera chimene aliyense amene anaponyako basketball amachidziwa, kutalika kumathandiza, ndipo kumathandiza kwambiri. Ring'i ija imakhala pa mamita 3.05 kuchokera pansi, kaya akusewera ndi amuna kaya ndi akazi, kaya ndi ku America kaya ndi pa kabwalo ka simenti yong'aluka kuno ku Dedza, siitsika ayi. Chimene anawachepetsera akazi ndi mpira wokha, iwo amaseweretsa saizi 6 pomwe amuna ndi saizi 7, koma ring'i ili pompaja. Nde mtsikana amene manja ake ali pafupi ndi ring'iyo wayamba kale ndi phindu asanaugwire nkomwe mpirawo. Amene amauza ana kuti kutalika kulibe ntchito bola mtima akuwanamiza, ndipo anawo amadziwa bwinobwino kuti akunamizidwa chifukwa ndi iwowo amene amalandidwa maribaundi, mipira yobwerera ikaphonya ring'i, pamutu tsiku ndi tsiku.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi momwe taitengera nkhaniyi kuno kwathu. M'masukulu ochepa a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene ali ndi bwalo la basketball, kutalika kwasanduka njira yozembera ntchito yophunzitsa. Wamtali timangomuimika pansi pa ring'i ngati mzati osamuphunzitsa kalikonse, wamfupi timamubweza kuti akayese kwina kapena akhale pa benchi azisunga majuzi a anzake, nde pamapeto pake tawononga onse awiri, kenako nkumadabwa kuti bwanji matimu a ku Lilongwe tikakumana nawo amatisambitsa chokweza, timangoti aaa ajawa ndi atali. Ayi abale. Nthawi zambiri si atali kuposa ife mwakuti nkuchita kuopsa, amangodziwa mpira basi.

Tiwone kaye mbali ya atali chifukwa mbiri ya masewerawa ili ndi umboni wosakanika. Basketball ya akazi inalowa mu Olympics mu 1976 ku Montreal, golide anatenga a Soviet Union ndipo mu 1980 anabwerezanso. Pakati pa timu imeneyo panali mayi wina wa ku Latvia, Uljana Semjonova, wotalika mamita 2.13, mpira ukangoponyedwa mmwamba kwa iyeyo nkhani inali itathera pomwepo, anatenga makapu a Europe okwana 10 ndi timu ya Soviet Union yomweyo. Ku WNBA, ligi ya akazi ya ku America imene inayamba mu 1997, kunabwera Margo Dydek wa ku Poland wa mamita 2.18, anasankhidwa nambala wani mu 1998 ndi timu ya Utah Starzz, ndipo kwa zaka zambiri ndi amene ankatsogola pophula mashoti a anzake m'mwamba. Ndipo taganizani, ligi yonseyo ndi akatswiri ake onse, zinatenga mpaka 2002 kuti munthu woyamba adanke pa gemu, kutanthauza kulumpha nkuulowetsa mpira mu ring'i ndi dzanja kuchokera pamwamba, Lisa Leslie wa mamita 1.96. Zikungosonyeza kuti kwa mkazi ring'i ya 3.05 ili patali ndithu, ndipo sentimita iliyonse imene Mulungu anakuwonjezera ndi chuma.

Koma pali timu imodzi imene ndimafuna mphunzitsi aliyense wa masewera kuyambira ku Linthipe mpaka ku Kampepuza ataiwonera olo pa foni, olo bandulo ya 1 GB ithere pomwepo. Ndi timu ya akazi ya Japan ya pa Olympics ya Tokyo imene inaseweredwa mu 2021. Inali imodzi mwa matimu aafupi kwambiri pa mpikisanowo, wamtali wawo ankangofika cha m'ma 1.85, pomwe matimu enawo anali ndi anthu a 1.93, 1.96 mpaka oposa mamita awiri. Kochi wawo Tom Hovasse sanataye nthawi ndi kulira kuti ndilibe senta wamtali woima pansi pa ring'i. Anawaphunzitsa kuthamanga mosalekeza ndi kuponya ma three pointer, aliyense, ngakhale amene amasewera pakati. Anatulutsa Belgium mu kotafainolo ndi pointi imodzi yokha, 86 kwa 85, kenako France mu semifainolo 87 kwa 71, ndipo pa gemu ya France imeneyo Rui Machida, kamtsikana ka mamita 1.62, kutalika kumene mungakupeze mu kalasi iliyonse ya Fomu 3 kuno, anapereka mapasi 18 amene anzake anachinya, rekodi ya Olympics. Sanadumphe kuposa aliyense. Ankangowona mpata anzake asanauwone, nkudutsitsa mpira pansi pa mikono ya anthu amene ankamuyang'ana chotsitsa khosi.

Zimatheka bwanji? Palibe matsenga. Munthu wamtali kwambiri amaopsa akakhala pafupi ndi ring'i, nde ntchito yako ndi kumuchotsapo pamenepo. Ngati amene iye akumulondera amatha kuponya kuchokera kunja kwa mzere wa three pointer, umene uli pa mamita 6.75, wamtali uja ayenera asankhe, atuluke akamutseke nde wasiya pakati pali pululu aliyense angolowa, kapena akhale pomwepo nde azingowerenga ma three akugwa. Komanso mpira ukatembenuka, bwalo ndi la mamita 28, thupi lalikulu kuti lithamange mtunda umenewo kupita ndi kubwera mphindi 40 limatopa msanga. Mu July 2025 zinaonekanso ku Shenzhen pa Asia Cup, China pakwawo inali ndi Zhang Ziyu, mtsikana wachichepere wotalika kupitirira mamita 2.20 amene dziko lonse linkamukamba pa intaneti, kuphatikizapo Han Xu amenenso amaposa mamita awiri, koma Japan inawatulutsa mu semifainolo 90 kwa 81 ndi njira yomweyo, liwiro ndi mashoti akutali.

Ndikudziwa kale chimene wina andiyankhe, ndipo ali ndi mfundo. Anena kuti nanga fainolo ya Tokyo ija inatha bwanji? Inatha ndi America kupambana 90 kwa 75, ndipo Brittney Griner wa mamita 2.06 anachinya mapointi 30 yekha, ambiri ali chiimire pansi pa ring'i, atsikana a Japan nkumangomufika m'khwapa. Zoona zimenezo. Ukakumana ndi timu imene ili ndi luso lofanana ndi lako kenako nkukhalanso yaitali, kawirikawiri yaitaliyo ipambana, apa palibe chobisa. Anenanso kuti aafupi amene amatchuka ndi ochepa kwambiri, pa Machida mmodzi pali atsikana zikwi amene sanafike kulikonse. Nazonso nzoona. Koma ndifunse, ifeyo tikukonzekera kukumana ndi Griner? Mwana wa ku Bembeke kapena wa ku Lizulu gemu yake yoyamba yaikulu ndi ya sukulu ya tsidya linalo, akachita bwino akakumana ndi a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, akapita patali kwambiri akavala jezi ya Malawi nkukumana ndi Zambia, Zimbabwe kapena Mozambique. Pa magemu amenewa kusiyana kumakhala masentimita asanu, khumi, ndipo kusiyana kotero kumafafanizika ndi munthu wodziwa kuima pamalo oyenera. Timagonja chifukwa chotaya mpira tisanadutse nawo pakati pa bwalo, chifukwa cha ma free throw amene sagunda nkomwe ring'i, chifukwa cha layup, shoti ya pafupi ndi ring'i uli chothamanga, ya dzanja lamanzere imene palibe anatiphunzitsa. Zonsezi sizikhudzana ndi msinkhu wa munthu.

Ndipo tikambe chilungamo cha matupi athu. Amalawi si mtundu wa anthu ataliatali ngati anzathu a ku South Sudan kapena Senegal, amayi ambiri kuno amagwera pakati pa mamita 1.50 ndi 1.60, mtsikana wa 1.75 akadutsa pa msika wa Dedza anthu amachita kucheuka. Mbali ina ndi mtundu, koma mbali ina ndi yowawa kuinena. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo Dedza ndi Ntcheu zinali pamwamba pa chiwerengero chimenecho, kupitirira 40. Maboma omwewa amene amadyetsa Lilongwe ndi Blantyre kachewere, kabichi, nyemba, tomato, malole nkumachita kupanga mzere pa Lizulu ndi pa Tsangano, ana ake nkumakula ndi phala lopanda kanthu. A zaumoyo amanena kawirikawiri za masiku 1000 oyambirira a moyo wa mwana, kuti chimene chatayika pamenepo chimavuta kubweza. Nde masentimita ena amene kochi akuwasowa pa mtsikana wa Fomu 1 anatsalira m'mbale ya phala zaka 12 zapitazo. Mwana ameneyo dziko linamulakwira kale kamodzi, kenako ife tikumulakwiranso kachiwiri pomuuza kuti ndiwe wamfupi choka. Ineyo zimenezi sindigwirizana nazo mpang'ono pomwe. Ngati anthu athu ali chonchi, nzeru ndi kumanga basketball yogwirizana ndi matupi amene tili nawo, osati kudikira kuti tsiku lina kudzabadwe wa mamita awiri ku Golomoti.

Amene munaonako tsiku losankha timu pa sukulu mukudziwa mmene zimakhalira. Teremu yoyamba, belu la masewera lalira, atsikana a Fomu 1 andanda pamzere m'mphepete mwa bwalo, ena avala masilipasi ena ali chosavala, siketi atainyamulira m'mwamba pang'ono. Aphunzitsi akuyenda kutsogolo kwa mzerewo wezulo ali m'khosi, mpira ali nawo m'khwapa ndipo mpirawo suchoka m'khwapamo mpaka kusankha kutatha. "Iwe, iwe, ndi iwe wakumapetoyo, bwerani kuno. Enanu kaoneni ku netball." Basi zatha, palibe amene wathamangitsidwa, palibe amene waponyeredwa mpira kuti tione ngati amawakha. Ndinaona pa sukulu ina kamtsikana kena kakafupi kamene kanabwezedwa chonchi, kanakhala pa mwala pambali kakuonerera, mpira utathawira komwe kanali kanautola ndi dzanja limodzi nkuubweza ndi pasi yoongoka bwinobwino mpaka pachifuwa pa mnzake mtunda wa theka la bwalo, aphunzitsi anali atayang'ana kwina. Tsiku lomwelo wamtali amene anasankhidwa uja anauzidwa mawu amene ndawamva malo ambiri, "iweyo usamadribule, ukangoupeza mpira pereka, kaime pansi apo ukweze manja." Mwanayo anaimadi, manja m'mwamba, mphepo ya ku Dedza ikumuomba, kudikira mpira umene sunkabwera chifukwa anzakewo samatha kuufikitsa.

Mawu amenewo, usamadribule, ndi amene apha atsikana athu atali ambiri pa masewerawa. Chimene a kochi ambiri amaiwala ndi chakuti atsikana sakula nthawi imodzi. Wina amathamanga kukula ali ndi zaka 11 kapena 12, akatha msinkhu pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kutalika kuja kwaima, pomwe mnzake amene anachedwa akukwerabe. Nde amene anali senta wosagwirika ku Fomu 1 pa mamita 1.68, pofika Fomu 4 ali pomwepo pa 1.68, anzake amupeza, ndipo akapita ku koleji kapena ku kalabu ya m'tauni amuuza kuti pa msinkhu wakowu ndiwe gadi, wosewera kunja woyendetsa mpira. Gadi amene sadziwa kudribula, sanaponyepo kuchokera kutali, sanayambe watsogolerapo mpira. Amasiya. Ndipo amasiya akudziona ngati wolephera pomwe sanalephere iyeyo, anangoletsedwa kuphunzira zaka zinayi zathunthu. Ngakhale amene ndi wamtali zenizeni, basketball ya masiku ano siifunanso munthu wongoima. Taonerani A'ja Wilson wa timu ya Las Vegas Aces ya mu WNBA, mamita 1.93, amadribula, amaponya patali, amathamanga ngati wina aliyense. Breanna Stewart chimodzimodzi. Anthu amenewa ali ana sanauzidwe kuti ingoima apo.

Palinso china chimene sitimachikamba, kukhala mtsikana wamtali kumudzi si chinthu chophweka. Anzake amamutcha maina, makanja, nsungwi, chitalitali, azakhali nkumanena pamaso pake kuti ameneyu adzamukwatira ndani, mpaka mwana amayamba kuyenda chowerama mapewa atapinda kuti afanane ndi anzake. Mukamuona pa asembule amaima kumbuyo atapinda bondo limodzi. Bwalo la basketball likanakhala malo amodzi amene iye akanamva kuti thupi lakeli ndi mphatso, koma nkhani ya nsapato yokha ndi mtanda. Pitani pa kaunjika tsiku la msika mukafune nsapato yamasewera ya saizi 9 kapena 10 imene mtsikana angavale, mufukula mulu wonse, mukaipeza ndi yachimuna, yolemera, kunsi kwatha, mtengo wake mayi ake akaumva amangoti tiyeni tizipita. Nde amasewera ndi nsapato yothina zala zitapindika, pa simenti yokhakhala, ndipo thupi lalitali likamatera moipa pa simenti mawondo ndi akakolo sizichedwa kudandaula. Madokotala a zamasewera anaona kalekale kuti atsikana amavulala mtsempha wa mkati mwa bondo uja amati ACL kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo kuphunzitsa mwana katerelo kabwino, mawondo opinda osagundana, kumachepetsa ngoziyo. Ngati timawafunadi atali, tiyambe ndi zimenezi, nsapato ndi kuwaphunzitsa kutera, osati kungowaloza chala pamzere.

Ambiri a iwo amathera ku netball, ndipo sindikuwada, kumeneko kuli njira yooneka, kuli ma Queens, mwana amatha kulota. Koma chodabwitsa nchakuti netball yathu yomweyo inayankha kale funso limene a basketball tikulimbana naloli. Ring'i ya netball nayonso ili pa 3.05. Ma Queens akhala akukumana ndi Jamaica imene ili ndi Jhaniele Fowler wa pafupifupi mamita awiri, Australia, New Zealand, onse matupi akuluakulu, koma mu 2018 pa Commonwealth Games ku Gold Coast anagonjetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53. Mwawi Kumwenda amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa World Cup ya 2015 ku Sydney ndi wamtali kwa ife, cha m'ma 1.83, koma kunjako ndi wapakatikati, chimene chinamutchukitsa ndi manja ogwira chilichonse, kulumpha pa nthawi yake ndi kusaphonya. Mapasi afupiafupi, kusunga mpira, kuzemba, ndiwo mchitidwe umene dziko linatidziwa nawo. Nde nzeruyi ili kale m'dziko muno, ili pa bwalo loyandikana nalo, sitikuchita kukaitenga ku Japan kokha.

Komanso tikamati saizi tisamangoganiza za mutu kuti wafika pati. Munthu saponya ndi mutu, satchinga ndi khosi. Chimene chimagwira ntchito ndi pamene nsonga za zala zikufika akaimirira nkukweza dzanja, ndi kutalika kwa mikono akaitambasula. Atsikana awiri akhoza kufanana msinkhu koma wina dzanja lake nkufika masentimita 8 kapena 10 pamwamba pa mnzake chifukwa cha mikono ndi mapewa. Kuyeza kwake sikufuna ndalama, choko ndi khoma la kalasi basi, mwana apake choko ku zala, akhudze khoma ataima, kenako akhudze atalumpha, mwadziwa kale zinthu ziwiri zimene maso sakanakuuzani. Ndiye pali atsikana ojintcha, a chiuno chachikulu ndi miyendo yamphamvu, amene timawaseka kuti sangathamange. Ribaundi, abale, imayamba mpira usanagunde ring'i, amene watsogola kuika thupi lake pakati pa mdani ndi ring'i nkumukankhira kumbuyo ndi msana ndi amene amautenga. Mtsikana wojintcha wa 1.65 amene waphunzira kutseka chonchi amamusowetsa mtendere wa 1.80 wowonda gemu yonse. Ndipo ana athu akuno amene akula akukwera mapiri ndi ndowa pamutu, kusenza matumba a kachewere kuchokera kudimba, mphamvu ya m'miyendo ndi m'chiuno ali nayo kale, ikungofuna woiwongolera.

Kwa inu atsikana aafupi, sindikunyengererani. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo pa basketball mawuwa ndi oona mopweteka. Wamtali akhoza kulakwitsa kawiri nkutolanso mpira wake womwe, iwe ulibe mwayi umenewo. Uyenera kudribula ndi manja onse awiri osayang'ana pansi, uyenera kuponya msanga dzanja la mdani lisanafike, ndipo pa difensi uyenera kukhala munthu amene aliyense amadana naye kukumana naye. Debbie Black anali wa pafupifupi mamita 1.60 koma mu 2001 anasankhidwa kukhala katswiri wa difensi mu WNBA monse, chifukwa wamtali aliyense akangotsitsa mpira pansi ankapeza wapita. Becky Hammon wa 1.68 sanasankhidwe nkomwe pa draft ya 1999, pamene matimu a WNBA amasankha osewera atsopano, koma anasewera zaka 16 mu ligiyo ndipo monga kochi anatenga chikho ndi Las Vegas Aces mu 2022 ndi 2023. Dawn Staley, naye 1.68, golide wa Olympics katatu ali wosewera, 1996, 2000 ndi 2004. Ndipo Nigeria, imene mu 2024 ku Paris inakhala timu yoyamba ya mu Africa, ya amuna kapena akazi, kufika kotafainolo ya Olympics, inagonjetsa Australia 75 kwa 62 makamaka ndi difensi yosapumitsa, Australia inataya mipira yoposa 20, ndipo amene ankayendetsa zinthu ndi Ezinne Kalu wa 1.73. Zonsezi ndi ntchito ya maola ambiri pawekha, m'mawa wa June zala zitauma ndi chisanu mpira ukuwawa kuugwira, ndipo palibe kochi angakuchitire zimenezo.

Kunjako kunabuka mtsutso wakuti ring'i ya akazi itsitsidwe kuti azidanka ngati amuna, ena amapereka chitsanzo cha volleyball kumene neti ya akazi ili pa 2.24 pomwe ya amuna ili pa 2.43. Kwa akuluakulu ine ndikukana, sitingakwanitse mabwalo awiriawiri pomwe limodzi lomwe likutivuta, komanso kukoma kwa mpira wa akazi sikudalira danki. Koma kwa ana a pulaimale ndikuvomera ndi manja awiri. Mini basketball imaseweredwa ndi ring'i ya pa mamita 2.60 ndi mpira wocheperako, ndipo chifukwa chake nchomveka, mwana wa zaka 9 ukamupatsa ring'i ya 3.05 amauponya mpira kuchokera m'chiuno ndi thupi lonse kuti ungofika, chizolowezi chimenecho chimakhazikika ndipo kudzachichotsa ku sekondale ndi ntchito. Wowotcherera aliyense pa Dedza boma kapena pa Ntcheu akhoza kupanga ring'i yotere ndi zitsulo zotsala, nkuikhoma pa mlongoti wa bulugamu.

Njira ina imene ikutiyenera kwambiri ndi 3x3, imene inalowanso mu Olympics ku Tokyo komweko. Theka la bwalo, ring'i imodzi, atatu mbali iliyonse, mphindi 10 kapena amene wayamba kufika mapointi 21, ndipo muli ndi masekondi 12 okha kuti muponye. Mmenemo mulibe pobisala, wamtali akakamizika kudribula ndi kulondera kunja, wamfupi akakamizika kulimbana pansi pa ring'i, aliyense amagwira mpira kambirimbiri pa gemu imodzi. Sukulu ya CDSS imene singakwanitse simenti ya bwalo lonse ikhoza kukwanitsa theka. Ndikanakonda a BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'Malawi muno, ndi aphunzitsi a masewera m'maboma awiriwa atayamba pamenepa, timipikisano ta 3x3 ta atsikana pa zoni, Loweruka limodzi pa mwezi. Ndipo tisaiwale kuti amene tayandikana nawo mpanda, amene timangodumpha msewu wa M1 pa Lizulu tafika kwawo, ndi akatswiri a mpira umenewu. Akazi a Mozambique anafika fainolo ya AfroBasket, mpikisano wa maiko a mu Africa, mu 2013 ku Maputo nkupita ku mpikisano wa dziko lonse mu 2014 ku Turkey, ndipo kalabu ya Ferroviário de Maputo inatenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2018 ndi 2019. Anthu amene timadya nawo nsima yofanana, ena timalankhula nawo chilankhulo chimodzi cha ku Angónia kuno. Iwowo anayamba kale kuphunzitsa ana aang'ono m'makalabu, ife tikadali pa iwe, iwe ndi iwe.

Chimene ndikupempha a kochi ndi chovuta, ndikudziwa, chifukwa chili ndi mtengo wake. Mukamulola mtsikana wanu wamtali kutsogolera mpira kuchokera kumbuyo, teremu yoyamba autaya kambirimbiri, alandidwa ndi tiana tating'ono anthu nkumaseka kunja kwa bwalo. Mukamuika wamfupi uja mu timu, magemu ena mudzaluza maribaundi amene mukanawina mukanangodzaza atali asanu pansi pa ring'i nkumaponyerana m'mwamba. Mwina chikho cha pa zoni chaka chino chipita kwina ndipo a hedi adzakufunsani mu staff room kuti ndalama ya transipoti ija inapita pachabe bwanji. Muwayankhe kuti mukumanga timu ya Fomu 4, osati ya teremu ino. Pa trening'i mphindi 20 zoyambirira aliyense akhale ndi mpira kapena agawane awiriawiri, wamtali ndi wamfupi yemwe, dzanja lamanja, dzanja lamanzere, kenako onse aphunzire kutseka ribaundi, onse aponye ma free throw, ndipo mayina a timu mudzalembe pakatha masabata anayi mutawaona onse akusewera.